Buku Lopanda Msungichuma

Hadikava yathu ya banki mkhonde inanyowa mu Epulo,
ndi kamvula ka ku Chiputula kaja,
kosagwa koma kongolendewera.
Denga la NyaMsowoya linadontha ndendende
pa tsamba la ngongole.
Inki inasungunuka.
Wokongola fifite sauzande anati inali fifitini,
ndipo tinakangana mpaka tomato kundiwolera pa benchi.

Chawanangwa, mwana wa mchemwali wanga,
amakonza mafoni ku Taifa.
Anandimvetsera ataluma kawaya kumano,
kenako anati: Anti, musalinamizire denga.
Mlandu ndi wakuti buku linali limodzi.

Tangoganizani, akutero,
muli amayi makumi awiri, aliyense buku lake m'manja.
NyaLuhanga akaponya faivi sauzande
nonse mukulemba pompo, nonse mukuvomereza.
Tsamba likadzaza mukulidinda
ndi chidindo chosulidwa ku manambala a tsamba ladzulo,
la mawa lidzagwira la lero pamchira,
mpaka unyolo.
Wofuna kufufuta ziro mmodzi
athyole nyumba zambiri usiku umodzi,
kuchokera ku Zolozolo kukafika ku Luwinga,
agalu onse ali maso.
Ndiye bulokucheni imeneyo.

Ndinafunsa: msungichuma wake ndani?
Palibe.
Nanga ofesi yokadandaulako?
Anaseka, kawaya kanagwa.

Intaneti tili nayoyi, akuti, ndi msika wa geti limodzi:
mwini wake akadzuka ndi mutu, nonse muli panja,
zithunzi zanu, makasitomala anu, zatsekeredwa mkati.
Imene ena akuiumbayo
ifanane ndi ogulitsa nthochi pa msewu wa ku Nkhata Bay,
wina akadwala, winayo alipo,
palibe wonyamula kiyi wa msewu.

Koma kiyi wanu ndiye alipo, Anti.
Mawu khumi ndi awiri.
Mukawataya, palibe kalipentala wodzathyola loko.
Mukauza munthu, mwampatsa nyumba ndi mbuzi zomwe.
Ine amene ndimayiwala pini ya foni
Loweruka lililonse,
ndinamva kuzizira kwa Juni kundilowa m'mawondo.

Sabata yomweyo kunabwera mkulu wa suti ku Katoto,
nsapato zosongoka, zosadziwa matope,
akuti ikani handiredi lero, mudzatenge thu handiredi Lachisanu,
bwerani ndi anzanu atatu.
Mawu ake omwe aja a Chawanangwa,
koma othira shuga wambiri.
Ndinamuimbira mwanayo.
Anati: buku lija silisintha zimene lalemba,
koma silifunsa ngati wolembetsayo ndi wakuba.
Mukamutumizira, lidzasunga mokhulupirika
tsiku ndi ola limene munapusa.

Za mtengo sanafunike kundiphunzitsa.
Ndagulitsa tomato zaka khumi ndi zinayi.
Beseni la m'mawa ndi golide,
lole ya ku Jenda ikangotsitsa, ndi matope ofiira.
Chokwera ngati utsi chimadziwanso njira yotsikira.

Ndiye ndinaikamo ya beseni limodzi,
imene ikapita sindingagone ndi njala,
osati ya fizi ya Lusekelo, osati ya lendi.
Mawu aja ndinawalemba ndi pensulo,
pensulo siopa mvula,
ndipo komwe ali sindikuuzani.
Lolemba inakwera, ndinagula chitumbuwa.
Lachinayi inatsika, ndinagulabe chitumbuwa.

NyaMsowoya wakhoma lata latsopano.
Hadikava ina tagula, ya chikuto chobiriwira.
Koma tsopano tikamaliza kuwerengera,
tsamba limayenda dzanja ndi dzanja,
wa foni ya kamera ajambule,
wopanda akopere m'kope la mwana wake.
Zimachedwetsa. Ena amang'ung'udza,
akabaza amatiimbira belu panja, mdima ukugwa.

Wa fifitini uja amakopera nawo,
chete,
akudinikiza bolopeni mpaka kuboola pepala.